Apongozi anandiyankhira kwa anamwino

Amene sanadwalepo mauka m'nyengo yotentha ya kwathu ku Nyachikadza asandiuze za kupirira. Kumayabwa kunsi moti ukakhala pansi sukhazikika, ukaima n'chimodzimodzi, ndipo pagulu sungakande. Ndinapirira mpaka apongozi anga, mayi a mwamuna wanga, anaona mayendedwe anga n'kundifunsa. Atamva, anati mawa lake andiperekeza kuchipatala. Sindinawapemphe. Amayi amenewo sapemphedwa, amangomanga chitenje n'kutsogola.

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti ndinali nditaima. Mimba inali yaing'ono, ndipo kwathu yaing'ono sitchulidwa, amati pakamwa pa anthu pamaitsitsa. Ine ndinali nditapitapo kale padera, choncho mwambowo ndinaugwira ndi manja awiri. Ngakhale mwini wakeyo ndinali ndisanamuuze.

Tinaoloka Shire pabwato, tinafola dzuwa likutiswa m'mutu, ndipo dzina langa litaitanidwa apongozi analowa nane ngati odwala ndi iwo. Anamwino anandiyeza n'kunena kuti ndi maukadi, atha ndi m'bulu umodzi wokha, womwa kamodzi. Kenako anafunsa ngati ndikumwa mankhwala ena, komanso ngati ndili ndi pathupi, chifukwa woyembekezera sapatsidwa m'bulu umenewu, ukhoza kuononga mimba.

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anali atayankha kale.

"Nkhabe, mimba alibe ameneyu. Ikanakhalapo ndikanadziwa ndine."

Anamwino anandiyang'ana kuti ndiyankhe ndekha, ine maso pansi ndinangogwedeza mutu kuvomereza zonena za apongozi. Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Thupi langa, kuyabwa kwanga, mimba yanga, koma pakamwa pa wina. Ndikanatsutsa bwanji munthu wamkulu pamaso pa mlendo?

Anamwino atandipatsa m'buluwo, ndinaganiza zoti ndiutaya mumtsinje pobwerera. Ndinaiwala kuti apongozi anga sasiya ntchito pakati. Titangotuluka, pakhonde pomwe panali podzaza ndi amayi odikira, anatulutsa botolo la madzi m'chikwama n'kundiuza kuti ndimwe iwo akuona. Ndinati ndikamwera kunyumba. Anati ayi. Ndinati ndili ndi njala, anatulutsa mbatata yootcha. Amayi a pabenchi anayamba kuseka, wina n'kumati atsikana a masiku ano amaopa ndi kam'bulu komwe.

Apa zonamizira zinandithera. M'dzanja ili munali mankhwala oti andipumitse kuyabwa kumene kunandisautsa, ndipo kunena zoona ndinkawafuna. Koma kumeza kunali kuika mwana wanga pachiswe, kukana kunali kumutchula pagulu. Ndinawabwezera botolo lawo.

"Amayi, sindimwa. Ndili ndi pakati."

Apongozi anandikoka dzanja kubwerera kwa anamwino, amene sanakalipe konse, anangolandira m'bulu wawo n'kundipatsa mankhwala oika kunsi, amene woyembekezera amaloledwa.

M'bwato pobwerera ndinkayembekezera kuti mwina apongozi anena kuti pepa, kapena kuti zikomo wamuteteza mdzukulu wanga. Koma titafika pakati pa mtsinje, anandifunsa kuti ndinaleredwa kuti ine, woti nkhani ngati imeneyi n'kuiulula pakhonde la chipatala, anthu achilendo n'kuimva nthawi imodzi ndi iwo.