Moni wa a Basílio ndi Mbewu ya ku Molumbo

A Basílio ndinagwira nawo ntchito mu 1999, m'kaofesi ka bungwe lothandiza anthu obwerera kwawo nkhondo itatha, pa Milange. Ali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi ndiwo ankalembera anthu makalata, ndipo ankati kalata yoyamba ndi pempho ndi chipongwe. Ankandidabwitsa bambo amenewa. Ngakhale pobwereka machesi ankayamba afunsa za ana ako mmodzimmodzi.

Chaka chimenecho njala inadyetsa anthu a ku Molumbo mbewu yomwe. Mlongo wa a Basílio, a Eugénia, amene ankakhala kumeneko, anali atanenetsa kuti mbewu ikapanda kufika mvula isanadule msewu, awolokanso mtsinje wa Ruo ndi ana kubwerera ku Malawi. A Basílio analemba maimelo anayi kulikulu lathu ku Quelimane. Masabata atatu, zii.

Ndinapempha kuti ndione zimene ankatumizazo. Pamzere wa mutu, paja timati assunto, maimelo onse anayi anali ndi mawu amodzimodzi: "Bom dia, chefe," kutanthauza kuti "Mwadzuka bwanji, bwana." Nkhani ya mbewu inali pansi penipeni, atafunsa kale za banja la abwana ndi za kutentha kwa kumeneko.

"Bambo Basílio, abwanawo amalandira maimelo ambirimbiri, ndipo amatsegula poona mutu," ndinatero. "Akuyesa mukungowalonjera."

"Ndiye ndifike pakhomo pa munthu wamkulu n'kuyamba ndi 'ndipatseni'? Ine ndinaleredwa, Celeste."

"Nanga nyumba ikamapsa mumayamba mwaodira? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anatembenukira ku kompyuta. Kenako anayamba kugogoda ndi chala chimodzi, kulemba, kufufuta, thukuta lili kamukamu. Pomaliza mutu unati, m'Chipwitikizi: "Mbewu ya mabanja 300 ku Molumbo ifike pa 20 Novembala, msewu usanaduke." Potumiza anatsinzina ngati akumwa mankhwala owawa.

Yankho linabwera masana omwewo, ndi funso loti bwanji sitinanene msanga. Ndinawamvera chisoni a Basílio.

Lole ya mbewu itabwera anakwera nawo mpaka ku Molumbo. Mabanja analandira mbewu, koma kwa a Eugénia anapeza chitseko chomanga ndi luzi. Anali atanyamuka masiku atatu apitawo.

A Basílio sanabwerere ndi loleyo. Anapempha tchuthi, nabwereka khasu, n'kubzala okha munda wonse wa mlongo wawo. Patapita sabata ziwiri anapatsa wanjinga wopita kumalire kapepala kakang'ono, ndipo poti wanjingayo anadzera ku ofesi, ndinakawerenga.

"Eugénia, chimanga chako chamera. Bwera udzapalire."