Chizindikiro Chopanda Wochiwerenga

Linali Lachinayi, mu Ogasiti 1994. Ndinali pabenchi la chipatala cha pa boma, nditabisa kabotolo ka makhololo a bambo m'chitenje kuti anthu asakaone.

Bambo anali atatsokomola kuyambira dzinja. TB sinapezeke, kachilombo sikanapezekenso. Koma kwathu ku Mwadzama anthu ankati, ngati si kaliwondewonde, nanga n'chiyani? Poswali kumzikiti, bambo ankasiyiridwa mpata uku ndi uku. Zitumbuwa za mayi zinkabwerera kunyumba zili m'beseni. Bambo ankangofuna dzina la matenda awo, loti akalitchule pagulu.

Adokotala anakweza chithunzi cha m'chifuwa pawindo, nkuloza kamtambo koyera.

"Ndikuganizira khansa ya m'mapapo," anatero. Anafotokoza kuti kunja ofufuza amalera tizidutswa ta chotupa chotere m'timbale, ndipo aona kuti timatulutsa zinthu zina zimene zimatha kukhala chizindikiro m'magazi.

"Chizindikiro chake chiti, adokotala, nyali kapena tambala?" anafunsa bambo. "Ine ndinavota kale."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ndinawapatsa kansalu, ndipo pobweza kanali ndi madontho ofiira. Ndinakapinda msanga.

"Makina oyezera zimenezo kuno tilibe, bambo," anatero adokotala. "Ngakhale akunjawo akadafufuzabe."

"Ndiye tiyeni mukawauze anthu kwathu kuti ndi khansa."

"Sindinganene pagulu chinthu chimene sindinatsimikize."

Ndinkafuna kufunsa kuti kunjako n'kuti, magazi angafikeko bwanji. Ndinangoyang'ana nsapato za adokotala.

M'matola bambo anatsamira phewa langa. Ankapepuka ngati mtolo wa bango. Mayi wina anakoka mwana wake, nkumukhazika mbali inayo.

Kunyumba tinapeza mayi akupeta mpunga.

"Akuti chiyani, bambo ake?"

"Akuti ndili ndi chizindikiro, koma wochiwerenga ali kutsidya kwa nyanja. Osati yathuyi, ina."

Mayi anapitiriza kupeta ngakhale mankhusu anali atatha.

Kusukulu kwathu, m'kabati yokhoma, munali maikulosikopu imodzi imene tinkangoionera pagalasi. Sindinkadziwa kuti chizindikirocho chimaoneka bwanji, kapena ngati chimaoneka n'komwe. Aphunzitsi a sayansi ndinali ndisanawayankhulepo chilowereni Fomu 1. Kansalu kaja sindinakachape. Ndinatsimikiza kuti mawa, anzanga akaweruka, ndikagogoda pachitseko cha aphunzitsiwo, kansaluko kali m'manja.