Bowa wa Lero Timadya Mawa

Chaka chimene adokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndinasanduka munthu woyenda. M'mawa uliwonse ndinkavala nsapato zamasewera n'kumazungulira misewu ya ku Lilongwe, foni ili m'thumba ikundiwerengera mapazi. Sukulu imene ndimaphunzitsa itatsekera mu Disembala, ndinakwera minibasi kupita kwa amayi, kumudzi kwathu m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Ndinkafuna zinthu ziwiri basi: kukayenda m'nkhalango, ndi kukadya ndelema.

Amene sanakulire kumapiri kuno mwina samudziwa ndelema. Ndi bowa woyera, woterera pamutu, amene amatuluka mvula ikangokhazikika, pansi pa misuku ndi mombo. M'mudzi mwathu munalibe wodziwa bowa kuposa amayi. Azimayi ankabwera ndi malichero awo pakhomo pathu kuti awasankhire, uyu idyani, uyu tayani, ndipo mawu awo sankatsutsidwa.

Ndinafika masana. Amayi amakhala ndi atsikana awiri, ana a malemu mng'ono wanga, ndipo panthawiyo onse anali kupulayimale. Ndisanakhale n'komwe pansi, mphuno inandiuza kuti kukhitchini kuli ndelema wotendera. Koma nthawi ya chakudya chamadzulo itakwana, pamphasa panabwera nyemba.

"Nanga bowa uja, amayi?"

"Ndi wamawa."

"Wamawa bwanji poti wapsa kale?"

"Wogona ndiye amakoma. Idya nyembazo."

Mtsikana wamng'ono anandiyang'ana ngati ndine mlendo wosadziwa malamulo a pakhomo. "Amayi aakulu, kuno bowa wa lero timadya mawa. Ndipo mphika wa pathandala amatsegula ndi agogo okha."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindibisa. Ndinadya nyembazo nditakwinya nkhope. Kenako, popita kukataya madzi osamba m'manja, ndinawapeza amayi kuseri kwa khitchini atakhalira mtondo wogoneka, kambale kakang'ono kali pamiyendo, akudya bowa yemwe uja okhaokha. Sanandione. Ndinabwerera chamumtima ndikuti, kani ukalamba umabwera ndi umbombo. Mayi amene kale ankanama kuti akhuta n'cholinga choti ife tidye, lero akubisalira adzukulu awo ndi kambale! Zinandinyansa, ndipo ndinagona nazo.

Kutacha kunali nkhungu ija ya kwathu, yonyowetsa tsitsi popanda mvula. Ndinawapeza akusesa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, monga ukundionamu. Zovala zimenezo ukupita kumpira?"

"Ndikukayenda m'nkhalango."

"Kukatenga chiyani?"

"Palibe. Kungoyenda. Adokotala anatero."

Anasiya tsache n'kuseka mpaka kutsokomola. "Kwathu kuno woyenda m'tchire wopanda chokatenga timamumanga zingwe. Dikira nditenge dengu, anthu angamati mwana wanga zamuzungulira mutu ku Lilongwe."

Tinanyamuka, iwo patsogolo ndi ndodo yawo ndi majombo aakulu a malemu abambo, ine pambuyo ndi foni yanga. Tinadutsa minda ya mbatata ya kachewere, chimanga chili cha m'mawondo, tinawoloka kamtsinje pamiyala, n'kulowa m'mitengo. Munthu amene ndinkadzitama ndi mapazi a pafoni ndinayamba kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, pomwe mayi wokalamba akungopita osacheuka. Tinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni. Amayi anamudutsa ngati samudziwa, koma iye atangoti "Mwawuka, agogo?" anaima n'kumufunsa za mwana wake wodwala, za apongozi ake, za mbuzi yake imene inasowa. Ine ndinangoti ndi maganizo a ukalamba.

Pamalo oyamba pomwe panali ndelema, anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Asanawerame, anaika chikhato pamtengo umene unali pafupi n'kuusisita, kukwera ndi kutsika. Anatola tsamba pansi n'kulifikisa ndi zala. Atatero ndiye anazula bowa. Pamalo achiwiri anateronso. Pachitatu pakamwa panga panandiyabwa.

"Amayi, mwayamba liti kupereka moni kwa mitengo? Kapena ndi abale athu amenewa, mundionetse ndiwagwadire?"

Ndinaseka ndekha, mpaka ndinatulutsa foni n'kuwajambula. Iwo anachotsa dzanja pamtengopo ngati agwira moto.

"Ndimapumira," anatero.

Kuchokera pamenepo sanakhudzenso mtengo. Mwambi uja wakuti galu wamkota sakandira pachabe ndakhala ndikuulemba pabolodi zaka zambiri, koma tsiku limenelo sunandibwerere.

Dengu litafika theka anati, "Kumtunda uku ndinasiya kukwerako kalekale, koma poti lero kwabwera adona a m'tauni, tiye ukaone msuku wako uja."

Msuku umenewo ndinkaudziwa. Unali waukulu, pafupi ndi mwala wooneka ngati nsana wa ng'ombe, chakumalire komwe mitengo yachilengedwe imakumana ndi paini wobzala. Ndili kamtsikana ndinazulapo bowa woyera wokongola kumbali ya painiyo, n'kuthamanga naye kwa amayi ndikuyembekezera kutamandidwa. Ndinalandira khofi. Anandigwira chibwano n'kundiyang'anitsa kumwamba. "Usanayang'ane bowa, yamba wayang'ana mtengo. Wa pansi pa paini ndi chilombo, kaya afanane ndi ndelema bwanji. Ameneyu amapha nyumba yonse." Za bowa ndinaiwala zambiri, mayina ake ndimawasokoneza, koma khofi limenelo silinachoke.

Tinafika pamwalapo nkhungu itayamba kuyera. Msuku panalibe. Panali chitsa chakuda chopserera, ndipo mozungulira munali mitengo ya paini yongomera yokha, yaitali kuposa munthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndidandaule, koma amayi anandiyambirira.

"Suuona msuku wako? Chaka chino sunabereke, sindinapondepo suku ngakhale limodzi."

Anawerama. Pansi pa paini panali bowa woyera atatu. Anazula woyamba, n'kumuika m'dengu pamwamba pa ndelema uja. Anazula wachiwiri.

Poyamba ndinayesa akundiyesa, kuti aone ngati mwana wa m'tauni akukumbukira. Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

"Amayi, mtengo uwu ndi mtengo wanji?"

"Waiwala ndi msuku womwe?" Analoza ndi ndodo, ndipo ndodoyo inaloza paini.

Ndinapita patsogolo pawo n'kuwagwira chibwano monga anandigwirira ine kale, ndi kuwatembenuzira kumene kunkachokera kuwala. Pakati pa maso onse awiri panali poyera ngati madzi otsukira mpunga. Ng'ala. Ndinali nditakhala nawo pamphasa imodzi dzulo lake, ndinali nditabwera pa Pasaka, ndinabweranso nthawi yokolola, ndipo sindinayang'anepo mayi anga m'maso.

Ndinawalanda dengu n'kukhuthula zonse pansi, wabwino ndi woipa yemwe, n'kuyamba kupondaponda ndi nsapato zanga zamasewera zija. Ndinakalipa, nkhalango yonse inandimva.

"Ndi paini uyu, amayi! Paini! Mukufuna kupha ana a mng'ono wanga? Simukuona, ndipo simunena! Mwayamba liti?"

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, mwendo unagunda chitsa, n'kukhala pomwepo. Dzanja lawo linayenda pamwamba pa chitsacho, m'mbali mwake, pomwe panadya nkhwangwa. Linayenda nthawi yaitali.

"Anaudula liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindikudziwa. Ndikufunsa za maso anu."

"Lamanzere ino ndi mvula yachitatu. Lamanja layamba chaka chatha. Choyera ndimachiona, chakuda ndimachiona. Munthu ndimamudziwa akalankhula. Njira ili m'mapazi." Anapukuta dzanja pachitenje. "Mtengo ndimaugwira. Khungwa la msuku silinama, la paini silinama. Chiyambire sindinazulepo bowa ndisanagwire mtengo. Koma lero unandiseka, ndiye ndinachita manyazi."

Mawu amenewo anandilasa. Foni inali m'thumba mwanga, ndi chithunzi chawo atagwira mtengo. Ndinakhala pansi pamasamba onyowa osasamala za thalauza langa. Koma mkwiyo unali usanathe, chifukwa ine ndikachita mantha ndimakalipa.

"Nanga tsiku lina dzanja likadzakunamizani? Mitengo ikayandikana, wina uku wina uku, mudziwa bwanji kuti bowayo ndi wa mtengo uti? Mukuika moyo wa ana pachiswe chifukwa cha ndiwo?"

"Ana sadya bowa amene sindinamuyese."

"Mumamuyesa ndi chiyani, poti maso mulibe?"

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. Nkhope yawo inali ya munthu amene akudabwa kuti mphunzitsi wathunthu sakumva chinthu chapafupi.

"Iwe umati wa lero timadyeranji mawa?"

Kambale kaja kanabwera m'maso mwanga, mtondo wogoneka, nsana wawo kuseri kwa khitchini.

"Mumayamba mwadya inu."

"Kambale kamodzi. Chilombo sichipha pomwepo, chimadikira munthu agone. Ndikadzuka bwino, dzuwa n'kufika pamutu m'mimba muli zii, ndimatsegula mphika."

"Mukapanda kudzuka?"

"Ndiye kuti mphikawo sutsegulidwa. Ana amadziwa, amatsegula ndi agogo okha."

Ananena zimenezi ngati akundiuza kaphikidwe ka nkhwani. Mvula ziwiri zathunthu mayi anga akhala akudya bowa amene sakumuona, n'kukagona osadziwa ngati kuwachera, ine ndili ku Lilongwe ndikuwerenga mapazi. Ndipo dzulo lake lomwelo ndinawatcha aumbombo.

"Bwanji osangosiya bowayo? Bwanji osandiuza? Ng'ala amachotsa kuchipatala, amayi, anthu amaonanso!"

"Miyezi ino ndiwo zimavuta, iwe ukudziwa. Ndipo ndikanasiya, mudzi wonse ukanafunsa kuti mayi uja wasiyiranji bowa. Azimayi aja ndinawaletsa kale kubwera ndi malichero, ndinati ndatopa nazo. Amati ndayamba kunyada." Kenako anati, "Ukanamva kuti sindikuona, ukanabwera ndi galimoto kudzatenga ana. Si choncho?"

Ndinafuna kukana, koma ndikanama. Ndikanawatengadi sabata yomweyo, ndipo ndikanadziona ngati mwana wabwino.

"Mng'ono wako anandisiyira awiri amenewa," anatero. "Wamng'onoyu akamaseka, ndimamva mayi ake."

Ndinalira pamenepo, kulira konyansa kwa munthu wamkulu, mamina ndi misozi pamodzi. Iwo sanalire. Anadikira ndimalize, kenako anandipatsa nsonga ya ndodo yawo kuti ndidzuke, n'kunena kuti ndatayitsa ndelema wabwino.

Pobwerera ndinafuna kuwagwira mkono. Anakana. "Ukandigwira undigwetsa. Tsata pambuyo." Ndinatsatadi, ndi dengu lopanda kanthu, maso anga ali pamajombo a abambo akupeza mwala uliwonse wa pakamtsinje osaphonya. Njira yonse ndinkawauza zimene zichitike: mawa tipita kuchipatala kuboma, ana sindiwatenga, ndikhala mpaka sukulu itsegulire, bowa asiye mpaka maso atakonzedwa. Ankangoti "Mm." Zambiri mwa zimenezo zinachitikadi, ndipo diso lamanja likuona tsopano. Koma chimene chimandibwerera si chipatala ayi.

Tinafika pakhomo dzuwa lili pamutu. Atsikana anali atabwera kotunga madzi, atakhala pakhonde. Ine sindinapereke moni kwa aliyense. Ndinalunjika kukhitchini, ndinatsitsa mphika uja pathandala, n'kutuluka nawo kulowera kudzala. Wamng'ono anaimirira, maso ali tong'o.

"Amayi aakulu, amatsegula ndi agogo okha!"

Sindinafike kudzala. Dzanja la amayi linandigwira pamkono, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anandipeza bwanji. Linali lolimba ngati la tsiku la khofi lija.

"Ameneyo usataye," anatero chapansipansi, kuti ana asamve. "Wayesedwa kale. Si ndili pano?"

Anandilanda mphika, anauika pamoto, anavundukula okha. Atsikana anadya mosangalala, wamkulu mpaka ananyambita mbale. Ine anandigawira wambiri kuposa onse, poti ndi amene ndinkamulirira dzulo. Ndinakhala ndikuyang'ana mbaleyo mpaka bowa anazizira.