Chitini cha Thinazi ndi Diso la Atate

"Iwe kambwa, chosa manja pa basi yanga!"

Ndisanatembenuke n'komwe, mbama inali itafika kale. Inandipeza pakhutu lakumanzere, mutu n'kukagunda pagalasi, ndipo kwa kanthawi komboni yathu yonse ya Kanyama inangoti zii, kutsala kaphokoso konga ka udzudzu m'khutumo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Wondimenyayo anali Joni, kondakitala wa minibasi imene atate anali atangomaliza kupenta m'mawa umenewo.

Manjawo sindinawaike pabasi mwachibwana. Atate ndi amene anandituma kuti ndimatule manyuzipepala amene tinkamata pamagalasi kuti penti isawadetse. Imeneyo inali ntchito yanga Loweruka lililonse. Atate, amene komboni yonse inkawatcha Ba Tembo, ankapopera penti magalimoto kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa chimbudzi ndi mtengo wa mapeyala. Masiku amenewo mabasi a m'tauni ankapakidwa buluu, choncho kwathu chilichonse chinali cha buluu: masamba a mtengo, zovala za pachingwe, nkhuku za amayi, ngakhale mamina a atate.

Atate anaona zonse. Anali chapafupi, akutsuka gani yopopera. Ine ndinayembekeza kuti aponya ganiyo pansi n'kumugwira Joni pakhosi.

"Masauso, pepesa kuli ba Joni," anatero osadzutsa mutu.

"Koma ba tate, ndimwe munanituma!"

"Nakamba pepesa."

Ndinapepesa. Joni anaseka, n'kundikankha chipumi ndi chala. "Imwe ba ku Chipata mudya mbeba maningi, ndiye chifukwa simumvela." Tsiku lina ndikanamuyankha za anyani amene Abemba anzake amadya, tonse n'kuseka, pakuti chimbuya chathu, chibale chonyozana moseka pakati pa mitundu yathu iwiri, ndi chotero. Koma chimbuya sichibwera pambuyo pa mbama. Anzanga awiri anali pampanda akuonerera, ndipo ndinadziwa kuti pofika Lolemba sukulu yonse ikhala itamva.

Ndinene zoona: amene ndinakwiya naye kwambiri sanali Joni. Anali atate. Ndinawaona ngati munthu wamantha, wogulitsa mwana wake kuti asakhumudwitse kasitomala.

Pabwalopo panali zamadzi ziwiri zosungunulira penti. Tapentaini, wofatsa, anali wa penti ya zitseko ndi mawindo. Wina anali thinazi wa magalimoto, m'chitini chachikulu cholembedwa kuti zailini, ndipo ameneyu atate ankamuopa ngati njoka. Ankathira ndi kachivindikiro, pang'onopang'ono, akutakasa ndi kamtengo mpaka penti itayamba kutsika ngati ulusi. Akachepa, gani inkatsekeka. Akachuluka, penti inkayenderera pagalimoto, zimene atate ankazitcha misozi. Fungo lake linali lotsekemera koma lopweteka mutu. Mbaula ya amayi inkaletsedwa kufika mbali imeneyo, ndipo wosuta fodya aliyense ankathamangitsidwa. Anandiuzaponso, osati kamodzi, kuti thinazi ameneyu akagwera papenti yatsopano amaidya yonse mpaka pansi.

Phunziro limenelo ndinalisunga bwino, ndipo tsiku limenelo ndinaligwiritsa ntchito.

Dzuwa litafika pamutu, Joni ndi dalaivala wake, Ba Mwape, bambo wamkulu thupi wosakonda kulankhula, anapita kusiteshoni, n'kunena kuti abwera cha m'ma sikisitini, folo koloko madzulo, kudzatenga basi. Amayi anali pamzere kumpopi. Atate anapita kumsika kukagula mkaka, chifukwa opopera penti onse ankakhulupirira kuti mkaka umatsuka m'chifuwa. Ndinatsala ndekha ndi basi, ikuwala padzuwa ngati yatsika m'sitolo.

Ndinanyamula chitini ndi manja awiri, n'kukwera pabokosi la zida, n'kuthira kuyambira pamwamba pa chitseko chotsetsereka, pomwe Joni ankalendewera poitana anthu.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako penti inayamba kufufuma, kukwinyika ngati khungu la munthu wopsa ndi madzi otentha, n'kumatsika m'mizere yonenepa mpaka pamatayala. Mtima wanga unasangalala kwa nthawi yomeza malovu kamodzi basi. Pambuyo pake mantha anandigwira. Ndinatenga chisanza kuti ndipukute, ndipo kupukutako n'kumene kunamaliza zonse: penti inachoka ngati phala, mbali yonse n'kukhala zigamba. Manja anga anali buluu mpaka m'zigongono. Ndinawasamba ndi thinazi yemweyo, khungu n'kuyera mbuu, kumawawa, koma m'zikhadabo buluu anakana kuchoka.

Atate anafika mkaka uli m'manja. Anaima. Anayandikira basi, n'kununkhiza chitseko. Anayang'ana chitini, chimene ndinaiwala kutseka. Kenako anayang'ana zikhadabo zanga. Nthawi yofunsira panalibe, chifukwa Ba Mwape ndi Joni anali akulowa kale pabwalo, nthawi imene ananena isanakwane, limodzi ndi anyamata atatu oitanira mabasi kusiteshoni. Onse ankanunkha chibuku.

"Ba Tembo, ni chani ichi?" anafunsa Ba Mwape motsitsa mawu.

Joni sanadikire yankho. Anandiloza. "Ni aka kambwa! Nakaona maso yake m'mawa!"

Ndinatsegula pakamwa. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkafuna kuvomera kapena kukana. Atate anaima kutsogolo kwanga.

"Mwana alibe mulandu. Nine nalakwisa kusakaniza. Thinazi yachuluka, penti yakana kugwira." Kenako anatembenukira kwa ine ndi mawu amene sindinawamvepo. "Iwe, ngena mu nyumba. Manje!"

Munthu amene anali asanalakwitsepo kusakaniza penti chiyambire ntchito ananena bodza limenelo pamaso pa anthu a mabasi, amene amafalitsa nkhani m'tauni yonse tsiku limodzi.

Ndinalowa, koma ndinaima pawindo. Chibakera choyamba chinachokera kwa Joni, n'kuwapeza atate pakamwa. Mkaka unagwa n'kuphulika m'fumbi. Anyamata aja anawagwetsa pansi n'kuyamba kuwaponda ndi nsapato, m'nthiti, pamsana, m'mimba. Mmodzi anatola paipi ya kompuresa, makina opopera mpweya, n'kumawakwapula nayo. Atate anangodzipinda, manja ataphimba mutu. Sanakuwe. Chimene ndinkamva ndi phokoso la nsapato, ngati anthu akupuntha thumba la chimanga. Anthu anadzaza pampanda. Azimayi ankakuwa kuti, "Muzamupaya! Musiyeni!" koma wolowa pabwalo panalibe.

Ine ndinali ndi pakamwa. Mawu awiri okha, akuti ndine ndathira, akanatembenuza nsapato zonse zija kuti zibwere kwa mwini wake. Ndinagwira zitsulo za pawindo n'kukhala chete. Mnyamata wolimba mtima uja, amene ankatcha bambo ake wamantha, anadzikodzera ali chiimire.

Kenako Joni ananyamula chitini chija. Munali mutatsala thinazi wochuluka ndithu.

"Ukonda thinazi, mudala? Imwa!"

Anawakhuthulira kumutu. Apa m'pamene atate anakuwa, kukuwa kumene sindifuna kudzakumvanso, akudzikanda kumaso, akugubuduzika m'fumbi. Joni anapisa m'thumba n'kutulutsa bokosi la machesi. Analigwedeza m'mwamba kuti aliyense amve. Anthu a pampanda anathawa, chifukwa bwalo lonse linali fungo la thinazi, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti kamtengo kamodzi kakanatenga atate, basi, nyumba ndi Joni yemwe.

Ba Mwape, amene nthawi yonseyi anangoima manja m'thumba, anamugwira Joni dzanja n'kulipotokola mpaka bokosi linagwa.

"Chipuba iwe. Ukamushoka, nindani azapenta basi?"

Si chifundo chimene chinapulumutsa atate. Inali basi.

Amayi anafika akuthamanga, ndowa ili pamutu, ndipo madzi onse anawakhuthulira atate kumaso. Mayi wina woyandikana nafe ankati athire mkaka, wina ankati mafuta ophikira. Amayi sanamvere aliyense. Ankangokuwa kuti, "Manzi! Letani manzi!" ndipo ndowa zinabwera kuchokera nyumba zonse za mzere wathu. Anawavula malaya, n'kuwatsegula zikope ndi zala, n'kumathira, kuthira, mpaka bwalo linasanduka matope a buluu. Kukiliniki anati madziwo ndi amene anathandiza. Diso lakumanja linachira. Lakumanzere, limene linalandiranso nsapato, linakhala lofiira ndi lotuluka misozi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda kumudzi kwathu ku Katete, chigawo chimodzi ndi Chipata.

Atabwerako kukiliniki dzuwa likulowa, ndinakatenga lamba wawo pamsomali n'kuwapatsa ndekha. Atate sanali munthu wonyengerera. Anandikwapulapo chifukwa cha zinthu zazing'ono kwambiri, ngati kutaya kachivindikiro ka gani. Ndinkafuna andimenye. Ndinkafuna andithyole china chake kuti tifanane. Anauyang'ana lambayo ndi diso limodzi, n'kuuika pambali.

"Unafuna kumenya Joni," anatero, milomo itatupa. "Manje yangana amene wamenya."

Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lero ndapitirira zaka makumi anayi, ndipo sindinama kuti ndinasanduka munthu wofatsa. Mtima wanga ndi wapachala, anthu a kuno ku Kanyama akudziwa. Ndamenyanapo m'mabala, ndinachotsedwapo ntchito chifukwa chogwira kapitawo pakolala. Koma chimene ndinkachitcha mantha mwa atate ndinachimvetsa mochedwa. Iwo ankawadziwa anthu aja. Pondiuza kuti ndipepese anali ataona kale bokosi la machesi limene ine ndinali ndisanalione, ndipo anasankha kuti mwana wawo amve manyazi kusiyana n'kuti athyoledwe. Ine ndinakana manyaziwo, iwo n'kupereka diso. Nthawi zonse pamene ndakwiya n'kuchita chimene mtima wandiuza, amene wapwetekeka sakhala amene ndinamulinga. Amakhala mkazi wanga, ana anga, aliyense amene waima kutsogolo kwanga. Ndikamva fungo la thinazi, ngakhale podutsa pagalaja ya munthu wina, manja anga amalowa okha m'thumba.

Tsiku lotsatira kumenyedwa kwa atate kuja linali Lamlungu. Amayi anapita kutchalitchi okha. Ine ndinatunga madzi m'ndowa, n'kutenga sandipepala ndi kathabwa kokulungirapo, n'kuyamba kupala chitseko chija kuyambira pamwamba. Penti yokwinyika siipakidwa ina pamwamba. Imayenera kuchoka yonse. Ndinapala mpaka nsonga za zala zinatha khungu, madzi a m'ndowa n'kusanduka buluu wosakanizika ndi magazi. Ana a pampanda anabwera kudzaonerera, ndipo sindinawathamangitse.

Dzuwa litakwera, atate anatuluka akuyenda chopindika, dzanja lina litagwira nthiti, kumaso atamanga nsalu. Sanandiyang'ane. Anafika pabasi n'kuyendetsa chikhatho pachitseko pang'onopang'ono, pakuti tsopano chikhatho n'chimene chinkawaonera. Chinaima pansi pa chogwirira.

"Apa pakali penti," anatero.

Ndinaviika sandipepala m'ndowa, n'kubwerera pomwepo.