Dzanja Lamanzere la Abambo Anga

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibweza kumudzi kwathu, kufupi ndi Nsaru, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 3. Inali nyengo yosankha fodya. M'mawa kunkazizira, zala zinkada ndi phula lomata la masamba, ndipo tonse tinkangoyetsemula ndi fumbi lake.

Abambo anga anali mlembi wa mpingo wathu. Ankalemba pang'onopang'ono, atakunga nkhope, zilembo zawo zili pendapenda ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ine ndinabadwa wamanzere, ndipo zimenezi sankafuna kuziona n'komwe. Ndikangogwira pensulo ndi dzanja lamanzere, rula inkatera pa zala. "Dzanja limenelo ndi la kuchimbudzi," ankatero. Masiku ena ankalimangirira kumpando ndi kansalu kuti ndilembe ndi lamanja. Aphunzitsi ankalephera kuwerenga zolemba zanga, mpaka ndinakhulupirira kuti ndine mtsikana wouma mutu, wobadwa molakwika.

Loweruka lina abambo anagwa pa njinga pochokera kumsika, pozemba ngolo. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanja lili m'chikhakha choyera.

Patatha sabata, kunafika mayi wina wa mu mpingo, a Nabanda. Ankasamukira ku Namitete tsiku lomwelo, ndipo ankafuna kalata ya mpingo kuti akalandiridwe ku mgonero kumeneko. Galimoto ya katundu inali ikudikira kumsewu. Ine ndinali pakhonde ndi azakhali, mlongo wawo wa abambo, tikusankha fodya pa mphasa.

Abambo anayesa kupanira cholembera ndi zala zotulukira m'chikhakha. Chinagwa. Anayesanso, chinagwanso, thukuta lili chuchuchu pamphumi. Kenaka anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna kuba, n'kuchitola ndi dzanja lamanzere.

Sindidzaiwala zomwe ndinaona. Dzanjalo linathamanga papepala ngati lakhala likudikira tsiku limeneli. Zilembo zinatuluka zozungulira bwino, zoima chilili, zokongola kuposa za aphunzitsi aakulu. Tsamba la fodya linandipulumuka m'manja. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Abambo nawonso ankayang'ana kalatayo kukamwa kuli yasa, ngati yalembedwa ndi munthu wina.

"Achimwene, lero mwabwerera kwanu, eti?" anatero azakhali motsitsa mawu.

A Nabanda atapita, azakhali anandiuza abambo ali pomwepo. Anati abambo nawonso anabadwa amanzere. Ali mwana ankajambula mbalame pansi ndi kamtengo, anthu n'kumaima kuonerera. Atayamba sukulu, aphunzitsi anawamenya zala mpaka chikhadabo china chinazuka, n'kuwauza kuti wamanzere sakhala munthu wophunzira.

Abambo sanatsutse. Ankangosisita chala chimenecho, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione misozi m'maso mwawo. Kenaka anandiitana. Ndinapita nditabisa dzanja kumbuyo.

"Tulutsa limene wabisalo, mwanawe. Lemba dzina lako."

Ndinalemba. Linatuluka loongoka, aliyense akanatha kuliwerenga. Iwo analemba lawo pansi pake, ndipo tinadzaza tsamba lonse, ine pamwamba iwo pansi, mpaka amayi anatikalipira kuti fodya sadzisankha yekha. Chikhakha atachichotsa, abambo sanabwererenso ku dzanja lamanja, ngakhale akulu ena a mpingo ankang'ung'udza.

Masiku amenewo ndinali ndi mkwiyo wobisika. Ndinkati abambo anandinamiza, ankandimenyera chinthu chomwe iwo omwe anali nacho. Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndikuona kuti sanali kunama. Anakhulupirira ndi mtima wonse zomwe anauzidwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ankaopa kuti dziko lidzandipweteka ngati iwo sayamba kundiwongola. Wonamizidwa woyamba anali iwo.