Uthenga wa achimwene pa kompyuta ya kutali

Achimwene anga atapita ku Joni, anabwereka kompyuta ina yokhala kutsidya kwa nyanja, yomwe iwo eni sanaionepo ndi maso. Ankasungirapo ntchito za makasitomala awo. Munthu ukakhala pa kompyuta iliyonse ya intaneti n'kulemba dzina ndi pasiwedi, umalowa m'menemo ngati uli nayo pamiyendo. Anandiphunzitsa kalowedwe kake monyinyirika, chifukwa ankati mutu wanga ndi wouma. M'katimo munali tsamba limodzi lomwe tinkasiyiranapo mauthenga. Anga ankakhala ataliatali, awo mizere iwiri basi.

Chaka chomwe anthu a ku Joni anayamba kuthamangitsa alendo, foni ya achimwene inasiya kugwira. Masiku anayi anadutsa kuli zii. Amayi anasiya kupita kumsika, n'kumangokhala pakhonde kwathu ku Chinsapo wailesi ili pakhutu. Ine ndinkaopa kwambiri, koma pamaso pawo ndinkazilimbitsa.

Linali Loweruka, kuntchito kwathu kotseka, ndiye ndinati ndikayese m'makafe a intaneti. Amayi anangomanga chitenje n'kunditsatira, ndipo kuwaletsa kunali kutaya nthawi. Kafe yoyamba magetsi anali atazima. Yachiwiri, ku Kawale, netiweki yake inali yotseka khomo la pa intaneti lomwe ndinkalowera, moti kompyuta ya achimwene sinayankhe n'komwe. Mwini wake anandiyang'ana ngati ndikufuna kuba. Ndinamuyankha zosakhala bwino, mpaka amayi ananditsina pamkono.

Tinakwera minibasi ina mpaka ku Biwi, m'kachipinda kotentha kuseri kwa saluni. Kumeneko khomo linatseguka. Pasiwedi ndinailakwitsa kawiri.

Kompyutayo ukalowa imayamba yakuuza nthawi yomwe munthu analowamo komaliza. Inasonyeza m'mawa wa tsiku lomwelo, kuchokera pa netiweki yomwe sindinkaidziwa. Pasiwediyo tinkaidziwa awiri okha.

"Amayi, alowamo lero," ndinatero.

"Walowamo ndani?"

"Achimwene. Ali moyo."

Amayi anakoka mpando n'kuyandikira. Kuwerenga sankatha, koma anayang'anitsitsa sikirini yakudayo. Ndinatsegula tsamba lathu lija ndipo ndinayamba kuwerenga mokweza, osaona kaye kutsogolo, monga mwa kupupuluma kwanga.

"Ndili bwino. Tikugona m'tchalitchi, tilipo ambiri. Foni ndi katundu anatenga, dzanja lamanzere anandipweteka pang'ono. Amayi usawauze."

Mawu omalizawo anatuluka ndisanagwire pakamwa. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadikira kuti alire. Amayi anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Angaone zomwe ungalembe pamenepo?" anandifunsa.

"Akalowanso aona."

"Ndiye lemba kuti sunandiuze," anatero. "Asamadandaule za ine ali ndi dzanja lopweteka. Ungomuuza kuti abwere kunyumba."

Ndinalemba momwemo, iwo akuyang'ana zala zanga mpaka ndinamaliza.