Kompyuta Itasiya Phokoso

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndiye musayembekeze kuti ndikufotokozerani za m'mimba mwa kompyuta ngati katswiri. Koma kabokosi kamene kamakhala kumbuyo kwake, komwe kumalowera chingwe cha magetsi, kameneko ndimakadziwa. Amati pawa sapulayi. Ndakapukuta fumbi zaka zambiri, ndipo kanachotsetsa munthu ntchito ine ndikuona. Ndati ndikuona? Ayi, ndisaname, ndinaikapo dzanja.

Nthawi imeneyo ndinkasesa ndi kuphika tiyi pa ofesi ina pa boda ku Mchinji, ya anthu okonza mapepala a katundu wa malole. Matipate anali atakhazikika, aliyense akuyesa bizinesi, malole akuchita kundanda mpaka kumsika. Tinalimo atatu: abwana, ine, ndi mayi wina wotaipa wa ku Chiosya, wamasiye, wa ana awiri. Ofesi yake chipinda chimodzi basi. Abwana uku, mayiyo uko, ine ndi ketulo yanga pakona.

Kompyutayo abwana anaitanitsa ku Joni, chinthu chachikulu, chakuda, ndipo ankati yotere kulibe Mchinji yonse. Dalaivala akangoyandikira, ankamukalipira ngati wagwira mkazi wawo. Koma phokoso lake, anthuni! Mu pawa sapulayimo munali fani, ndipo itakalamba ndi fumbi la pa boda inkalira ngati chigayo cha dizilo. Pofuna kulankhulana tinkachita kukuwa. Kumbuyo kwake kunkatuluka mpweya wotentha, moti ine ndinkayanikako kansalu kopukutira makapu. Tsiku lina ndinayesa kuumitsako mtedza wauwisi, abwana anangotsala pang'ono kundimenya. Koma mtedzawo unauma, ndikuuzeni.

Mayi wotaipa uja ankalikonda phokosolo, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ine ndekha. Wosesa amaona zambiri, pajatu amakhala chowerama. Mayiyo anali ndi chifuwa. Chikamubwerera, ankawerama pansi pa tebulo ngati akukonza chingwe, n'kutsokomolera m'kansalu pafupi ndi fani ija. Abwana osamva kanthu. Mwezi wa Juni, kuzizira kuja kwa kwathu kuno, ankavula nsapato n'kuika mapazi kumbuyo kwa bokosilo kuti afunde. Sikete ankaimanga ndi pini, mwezi uno pini apa, mwezi wamawa pini yasuntha.

Masiku amenewo munthu akaonda n'kumatsokomola, sitinkafunsa dokotala. Tinkangoyang'anana. Ndipo abwana athu ankaopa chifuwa kuposa mfuti. Anali atachotsapo mlonda chifukwa chomwecho. Ankanena poyera kuti, "Muno wotsokomola ayi. Madalaivala akadziwa, apita nawo kwina mapepala." Ndiye mayiyo ankadziwa kuti tsiku limene abwana adzamve chifuwa chake, ntchito yatha, ana ake abwerera kumudzi kukakolola fodya wa eni.

Tsono inenso ndinali ndi wanga. Mwana wanga wamkazi anamaliza Fomu 4, n'kukaphunzira taipi ku Lilongwe, koma anangokhala kwa agogo ake ku Mlonyeni, chaka chachitatu, akusenda chimanga ndi zala zomwe zinaphunzira makina. Anyamata a njinga atayamba kale kumuzungulira. Ine usiku ndi usana mtima uli pa iyeyo. Ndikamasesa pansi pa mpando wa mayi uja, ndinkauyang'ana mpandowo. Sindibisa.

Komanso mayiyo anali ndi kamatama kake. Ankanditchula kuti "amayi a tiyi", ngati ndilibe mfunda. Zoona, ankandilembera makalata opita kwa mchimwene wanga wa ku Kitwe, osadandaula. Koma akamaliza ankati, "Chichewa chanu ndachiwongola pang'ono." Chichewa changa chinapindika pati?

Tsiku lina magetsi anazima m'mawa, pobwera anabwera ndi ukali. Tinangomva phu! kenako fungo ngati la tsitsi lopserera. Kompyuta zii. Abwana anagwira mutu, malole asanu ali panja kudikira mapepala. Anatumiza uthenga ku Chipata kwa mkulu wina wokonza makompyuta, wa ku Zambia konko, wolankhula ngati wameza wailesi. Anabwera mawa lake ndi katoni m'khwapa.

"Bosi, yapya ni pawa sapulayi chabe," anatero. "Nakubweretserani ya zoona. Iyi siidya malaiti maningi, siitentha, na chongo simuzamvera."

"Chongo n'chiyani?" ndinafunsa ine.

"Phokoso, amama. Muzagona na tulo pa ntchito."

Anamasula, kuchotsa kabokosi kopsa kaja, kuikamo katsopano, kolemera, fani yake yaikulu ngati mbale ya ndiwo. Anati fani ikakhala yaikulu imazungulira mofatsa, n'chifukwa chake siilira, ndipo magetsi saonongekera m'kutentha. Atayatsa, tonse tinangoti chete kudikira chigayo chathu. Palibe.

"Iwe, siikugwira iyi," anatero abwana.

"Onani pa sikilini, bosi."

Kunali kutayaka, zilembo zonse zili mbee. Ndinaika dzanja kumbuyo, kampweya kozizira, kofatsa ngati mwana akupuma m'tulo. Abwana anaseka mpaka kuomba m'manja, ine ndinaluluta pang'ono. Mayi wotaipa sanaseke. Anangoyang'ana kabokosi kopsa kaja kali pansi, ngati akuyang'ana maliro a m'bale wake.

Kuyambira tsiku limenelo mu ofesi munkamveka chilichonse. Wotchi ya pakhoma, yomwe ndinkayesa kuti ndi yosalankhula, inayamba kuti tiki tiki. Ntchentche pa windo. M'mimba mwa abwana mukalira akadya nyemba. Ndiponso chifuwa cha mayi uja, ngakhale asakutsokomola, chinkaimba kamluzu kakang'ono, fyii, fyii, ngati ketulo ikamayamba kuwira.

Anayesetsa, ndimupatse ulemu wake. Anabwera ndi kawailesi, abwana anati ino si bala. Anayamba kumenya mabatani mwamphamvu, abwana anati uthyola chuma changa. Chifuwa chikabwera ankathamangira kuchimbudzi kuseri, mpaka abwana anafunsa kuti kodi wadya chiyani. Mapazi ankawaikabe kumbuyo kwa bokosi mwa chizolowezi, koma kunalibe moto, ankangonjenjemera.

Lachisanu lina abwana atapita ku ofesi ya kasitomu, mayiyo anandiitana. Sananene kuti amayi a tiyi.

"Amayi anga," anatero, "inu mumaimba kwaya ku tchalitchi. Muziimbako muno mukamagwira ntchito. Mukaona ndawerama, muzikweza mawu. Kapena muzigwedeza makapu. Chonde. Mwezi uno ndi wamawa wokha, kuzizira kukatha ndikhala bwino."

"Ndiye ndasanduka fani wanu?" ndinatero.

"Ndinu mayi anga."

Ndinavomera. Lolemba ndinaimba, Lachiwiri ndinaimba. Abwana sanaletse, anati nyimbo za Mulungu zimabweretsa makasitomala. Ndikaona mapewa a mayiyo ayamba kugwedera, ndinkakweza, supuni ndikuimenyetsa m'kapu, iye n'kutsokomola pansi pa tebulo. Akadzuka ankandiyang'ana ndi maso othokoza. Maso amenewo ndi amene anandinyansa. Ndinkaimbira mwana wa eni kuti asunge mpando, wanga ali ku Mlonyeni kusenda chimanga.

Lachitatu m'mawa kunazizira kwambiri. Munali madalaivala awiri pa benchi, abwana akusaina mapepala. Ndinali pakati pa nyimbo, tsache lili m'manja, pamene ndinaona mayiyo wawerama, mapewa akugwedera. Chinali chifuwa chachikulu chimenecho, ndinachiona chikubwera. Ndinakweza mawu kuti alimbe mtima achitulutse. Atangoyamba, ndinatseka pakamwa. Tsache ndinaliimika.

Chinamveka chonse. Chifuwa chochokera pansi penipeni, chokoka, chosatha, ngati munthu akung'amba chiguduli chonyowa. Anayesa kuchigwira, chinakana. Kompyuta ili phee pambali pake, kagetsi kobiriwira kakungoyaka. Dalaivala mmodzi anadzuka n'kukaima pakhomo. Mnzake anati, "Aa, asisi, imeneyo ndiye yalowa giya yomaliza," n'kuseka yekha.

Abwana anaika cholembera pansi. "Chayamba liti chimenechi?"

"Ndi chimfine, bwana. Kuziziraku."

Anatembenukira kwa ine. "Amayi, inu mumakhala naye pafupi. Ndi chimfine?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Ndinati, "Ine sindine dokotala, bwana. Koma ndimafuna ndikufunseni kalekale ngati makapu ndiziwatsukira pamodzi."

Basi. Abwana anauza madalaivala kuti adikire panja. Sanakalipe, anamulankhula mokoma, kukoma kwake koipa kuja. Anati apite akapume kumudzi, akachira adzaonana. Mayiyo anagwada pa simenti, munthu wa Fomu 4, anati ana anga, bwana, ana anga. Abwana anasuntha mpando wawo kubwerera m'mbuyo kuti asawapumire. Kenako anati, popeza malole akudikira, amalize kaye mapepala awiriwo asanapite. Ndipo anamaliza, misozi ikugwera pa mabatani. Atatuluka, abwana anandiuza kuti ndipukute tebulo ndi mpando ndi mankhwala ochapira m'chimbudzi. Ndikupukuta ndinati, "Bwana, paja ndili ndi mwana anaphunzira taipi."

Mwana wangayo anayamba ntchito Lolemba lotsatira.

Tonse tinkayesa kuti tidzamva za maliro a mayi uja mvula isanagwe. Ine ndinali nditakonzeratu chitenje chopita nacho. Koma anthu ena ndi ouma. Mankhwala aja otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa m'zipatala, mayiyo anali mmodzi mwa oyamba kulandira. Patapita chaka ndi miyezi, tsiku lina masana ndinangoona munthu waima pakhomo, wonenepa, masaya ali phwii, atavala suti yake ya ntchito. Ndinagwetsa supuni.

"Bwana, munati ndikachira tidzaonana," anatero. "Ndachira."

Abwana anamusiya chiimire nthawi yaitali, akusanthula mapepala opanda ntchito. Pomaliza anati malo ndi amodzi, ndipo ali ndi mwini wake. Mayiyo sanagwade ulendo uno. Anaima kumbuyo kwa mwana wanga, kumuyang'ana akutaipa. Mu ofesi muli chete, kumangomveka tapu... tapu... tapu.

"Amayi a tiyi," anatero, "mwana wanu akutaipa ndi zala ziwiri."

Mwana wanga anazyolika. Ine magazi anandithamanga.

"Ziwiri zomwezo zikutidyetsa," ndinamuyankha. "Inu khumi zanuzo kathyoleni nazo fodya ku Chiosya. Ndipo musachedwe, minibasi zimatha msanga."

Anandiyang'ana, kuyang'ana abwana, n'kutuluka osatsanzika. Ndinamuona pa windo akudutsa pakati pa malole, akugogoda pa maofesi ena amene anali atatsegulidwa mumzere womwewo. Koma pa boda nkhani siigona, madalaivala aja anali atafalitsa kale za chifuwa chake. Ndinawerenga zitseko zinayi, chilichonse kulowa n'kutuluka nthawi yomweyo. Chachisanu sanagogode, anangokhala pa khonde n'kuvula nsapato.

Ine ndinauza mwana wanga kuti aleke kulira, akhale mowongoka, pali malole atatu akudikira mapepala.